Alamu Sanayankhe Moni

Chimwalirireni mwamuna wake, Fusae Hatakeyama anali asanapondemonso m'nyumba ya alamu ake, a Toyoji, ngakhale kuti nyumba ziwirizo zinangolekanitsidwa ndi ngalande yopititsa madzi kuminda ya mpunga. Mwamuna wakeyo, Kiichi, anagwa padenga akuchotsa chipale chofewa. Pamaliro, anthu akumwa tiyi, a Toyoji ananena mokweza kuti mkazi wanzeru salola mwamuna wa mawondo ofooka kukwera padenga yekha. Fusae anangotola makapu n'kupita nawo kukhitchini, ndipo kuyambira tsikulo mawu pakati pa awiriwa anauma.

Unatsala ndi moni wokha. Ku Sugisawa, mudzi wawowo, munthu ukhoza kum'mana tiyi, ukhoza kum'mana ndi mbewu yomwe, koma moni sum'mana. M'mawa uliwonse Fusae ankatuluka, n'kuima m'mbali mwa ngalande, n'kuweramitsa mutu.

"Ohayo gozaimasu."

A Toyoji, ali pakhonde ndi mswachi m'kamwa, ankangoti, "Oo. Ohayo." Basi, nkhani yathera pomwepo. Kenako Fusae ankatembenukira kumunsi kwa msewu n'kukwezera mkono a Shigeko, mayi wokalamba wosamva bwino amene ankayenda chokankha kangolo. M'mudzimo munatsala nkhalamba zokhazokha, ana onse ali ku Sendai ndi ku Tokyo, choncho moni wam'mawa ndi umene unkauza munthu kuti mnzake wadzuka wamoyo.

Chaka chimenecho mitengo ya m'phiri sinabereke, ndipo zimbalangondo zinayamba kutsikira kumidzi ndi njala. Chimkuzamawu cha pamtengo wa magetsi chinkalengeza tsiku ndi tsiku: musasiye zinyalala panja, thyolani zipatso zonse za kaki, poyenda muzivala belu. Mukakumana nacho musathawe, musakuwe, mulankhule motsitsa mawu n'kumabwerera chafutambuyo. Anthu anazimva mpaka zinawakwana.

M'mawa wa tsikulo kunali chisanu choboola m'mafupa. Fusae anatuluka atavala epuloni, kathaulo kali m'khosi, n'kukaima pamalo ake aja.

"Ohayo gozaimasu."

Pakhonde panalibe munthu. Anadikira pang'ono, n'kubwereza mokweza. Kunali zii, kupatula wailesi imene inkamveka chapansipansi m'nyumbamo, munthu wina akufotokoza za nyengo. Anayang'ana kudenga. Paipi ya mbaula sinkafuka utsi, chonsecho a Toyoji sankatha kukhala m'chisanu chotere osakoleza moto.

Poyamba anapsa mtima. Kodi tsopano ndi moni womwe wayamba kuwalemera? Anatembenuka kuti azipita, koma miyendo sinavomere. Anakumbukira bambo wina wa kutsidya kwa mlatho amene anam'peza atauma pafupi ndi bafa, fungo litayamba kale. Anaganiza zoti akaimbire foni mwana wa alamu akewo ku Sendai, koma nanga akapezeka kuti angochedwa m'chimbudzi? Mudzi wonse ukanamuseka. Anaponda thabwa lowolokera ngalande lija, lomwe linali litamera ndere chifukwa chosapondedwa, n'kuwoloka. Belu lake linatsala pa jekete imene inali chipachikire kuseri kwa chitseko cha kwawo.

Chitseko chakumaso chinali chosakhoma. Anachikankhira pambali n'kusuzumira.

"Gomen kudasai! Odi kuno! Alamu, muli momwemo?"

Palibe anayankha. Koma chamkati, kukhitchini, kunamveka chivundikiro cha poto chikugwa, kenako phokoso la munthu amene akudya mwadyera, akutafuna ndi kupumira m'mwamba nthawi imodzi. Mtima wa Fusae unakhala pansi, ndipo mkwiyo unabweranso. Ali moyo, akudya, ndipo akumumva bwinobwino. Lero awafunsa maso ndi maso. Anavula majombo, n'kuwatembenuza kuti aloze kukhomo monga mwa nthawi zonse, n'kukwera pathabwa ndi sokosi zokha.

"Ojama shimasu. Ndalowatu ine," anatero ndi mawu owuma.

Kolido inali yamdima ndi yozizira ngati zitseko zonse zinali zotsegula. Atayenda pang'ono, fungo linam'menya m'mphuno, fungo la galu wonyowa losakanikirana ndi la miso, phala lamchere la soya lokometsera msuzi. Sokosi yake inaponda chinthu chonata. Anayang'ana pansi. Panali madontho akuda, ena aakulu ngati chikhatho, atatsogola mpaka pachitseko cha chimbudzi kudzanja lamanja. Pakati pa kolido panali silipasi imodzi yogadabuka.

"Fusae."

Anali manong'onong'o, ochokera kuseri kwa chitseko cha chimbudzi.

"Fusae, bwerera. Usapite uko."

Asanamvetse n'komwe kuti ngati alamu ali m'chimbudzi ndiye akudya kukhitchini ndani, kutafuna kuja kunasiya. Kumapeto kwa kolido, pafupi ndi sinki, chinthu chakuda chinatulutsa mutu mumgolo wa miso. Mphuno yake inali mbuu, ndipo pachifuwa panali chizindikiro choyera chonga mwezi wongokhala kumene. Chinamuyang'ana ndi timaso tating'ono tonyowa.

Fusae anangoti kakasi. Thupi lonse linachita tsembwe. Miyendo inkamuuza kuti thawa, khomo lili pompa. Koma mawu a chimkuzamawu aja anali m'mutu: musathawe, mulankhule motsitsa mawu. Alankhule chiyani? Anatsegula pakamwa, mutu uli mbee, ndipo chimene chinatuluka ndi chimene lilime linazolowera kuyambira ali kamwana.

"Ohayo gozaimasu," anatero, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

Chimbalangondo chinafwenthera m'mphuno. Fusae anabweza phazi limodzi kumbuyo.

"Kwaziziratu lero. Eee, kwazizira kwambiri." Anabwezanso lina. "Pepani ndakusokonezani muli pa chakudya. Pitirizani, musavutike nane. Ine ndangodutsa." Mawu ankatuluka osalala ngati akulankhula ndi mlendo wolemekezeka. "Mwatopa nayo ntchito. Zikomo kwambiri chifukwa cha tsiku lija. Kunyumba ali bwanji onse?"

Chilombocho chinatsitsa miyendo yakutsogolo pansi. Zikhadabo zinalira pathabwa. Chinayamba kugundanitsa mano, kha kha kha, makutu atagona chakumbuyo.

"Ndiye ine ndapita. Ojama shimashita, ndakusokonezani. Tsalani bwi—"

Chidendene chake chinaponda silipasi ija, sokosi n'kuterereka. Anagwa chagada, chigongono n'kumenya khoma. Anangoona mdima ukubwera, nyumba yonse ikugwedezeka. Pomwepo chitseko cha chimbudzi chinatseguka pakati pa iye ndi chilombocho, dzanja linam'gwira pakolala n'kum'kokera mkati ngati thumba la mpunga. Chitseko chinatsekeka, ndipo nthawi yomweyo china chake cholemera chinachigunda kunja, mpaka fumbi linagwa kudenga.

Anakhala osapuma. Pansi pa chitseko panali mpata wokwana chala, ndipo pampatapo pankalowa mpweya wotentha wonunkha. Chinanunkhiza kuchokera pakona ina kufika pa ina. Chinakanda kamodzi, ulesiulesi, ngati chikungoyesa. Kenako mapazi anamveka akubwerera kukhitchini, ndipo mgolo unayambanso kulira.

Chimbudzicho chinali chaching'ono moti mawondo awo ankagundana. Kuwala kunkalowera pakawindo kamodzi kapamwamba. Fusae atawayang'ana alamu ake anadzigwira pakamwa. Khungu la pamutu, kuyambira pamwamba pa khutu, linali litasendeka n'kulendewera, ndipo theka la nkhope linali magazi okhaokha. Mkono wamanzere anaukulunga ndi kathaulo kopukutira m'manja kamene tsopano kanali kofiira. Anali atavala zogonera, phazi limodzi lili ndi silipasi.

"Iwe," ananong'oneza a Toyoji, "umachifunsa za kunyumba kwake?"

"Khalani chete, alamu."

"Ndakhala zaka zonsezi sindinamvepo. Kunyumba ali bwanji onse!"

"Ndati khalani chete. Weramitsani mutu."

Fusae anachotsa kathaulo kake m'khosi, n'kubwezera khungu lija pamalo pake, n'kumanga zolimba. A Toyoji analuma mlomo. Fusae atatha kumanga, iwo anafotokoza mwapang'onopang'ono. Kunja kutangoyera anatsegula chitseko chakukhitchini kuti akatenge nkhuni, n'kuchipeza chili pasitepe. Sanachione n'komwe chikutukula dzanja. Anakwawa mpaka muno, chilombocho chitatanganidwa ndi fungo la miso.

"Ndiye moni wanga munaumva?"

"Ndinaumva. Kawiri konse."

"Osayankha bwanji? Osakuwa kuti ndisabwere?"

"Ndikuwe chili pompa? Ndimati ukwiya n'kubwerera kwanu. Si mmene umachitira?"

Fusae anafufuza m'thumba la epuloni ngakhale ankadziwa kuti foni waisiya patebulo. Munali lamba wa mphira ndi switi imodzi. Anayang'ana kawindo kaja. Mutu ukanatha kutuluka, koma mapewa ayi. Anayang'ananso chitseko. Chinali cha matabwa opyapyala, ndipo kachitsulo kotsekera kanali kochepa ngati msomali. Mwayi wake chinkatsegukira kunja, choncho chilombocho chikakankha chinkangochikanikizira pafelemu. Koma chikaganiza zokoka?

Nthawi inayenda mwaulesi. Wailesi inamaliza za nyengo n'kuyamba nyimbo zolimbitsira thupi, mawu achimwemwe akuwerengera anthu kuti atambasule manja. Kukhitchini mbale zinkasweka imodziimodzi. Kenako firiji inagwa ndi chiphokoso chimene Fusae anachimva m'mano. Kuzizira kunkakwera kuchokera pansi kudzera m'sokosi. Magazi anayamba kudutsa pakathaulo, ndipo mutu wa a Toyoji unkangogwera kutsogolo.

"Alamu, musagone."

"Sindikugona."

"Tsegulani maso. Mukafera muno ndi ine anthu adzati chiyani?"

"Adzati wamaliza banja lonse," anatero, akuyesa kuseka, koma zinathera m'chifuwa. Fusae anawatseka pakamwa ndi chikhatho mpaka chifuwacho chinadutsa. Milomo yawo inali yozizira. Anavula epuloni n'kuwafunditsa, n'kuwaika switi ija m'kamwa. Patapita kanthawi a Toyoji anayamba kumutchula dzina la malemu mkazi wawo, kumufunsa ngati watseka mpweya wa gasi. Apa mpamene mantha enieni anam'gwira Fusae, mantha oposa a chilombo chija: munthuyu akutha ali m'manja mwake, ndipo palibe akudziwa kuti ali muno.

Ndiye panamveka kulira kwa timatayala pamiyala ya pabwalo. Kwii, kwii, kwii. Kuima. Kwii, kwii.

"Ohayo gozaimaaasu!"

Anali a Shigeko. Fusae sanawakwezere mkono m'mawawo, ndiye anakankha kangolo kawo chitunda chonse kudzaona.

"Fusae-san! Kwanu kulibe munthu, chitseko chili pululu! Toyoji-san! Gomen kudasaaai!"

Kukhitchini kunati zii.

Fusae anakumbukira khomo lija. Chitseko chakumaso anachisiya chotsegula yekha, ndipo majombo ake anali pomwepo, oyalidwa bwino. A Shigeko akawaona aseka, n'kulowa kuti adzaone chozizwitsa chakuti Fusae wapita kukacheza kwa alamu ake. Kuchokera pakhomo kufika kukhitchini inali kolido imodzi yowongoka, ndipo mayiyo sankatha kuthamanga ngakhale pang'ono. Koma akakuwa, chilombo chibwerera pachitseko chino.

"Aa! Majombo awa si a Fusae-san awa?" Mawu anali pafupi, odzaza ndi chimwemwe. "Eee, lero kugwa chipale! Mwagwirizana liti anthu inu?"

Fusae anakwera pachivundikiro cha chimbudzi, n'kukankha kawindo, n'kutulutsa mutu. Ankangoona ngodya ya nyumba ndi tayala limodzi la kangolo.

"Shigeko-san! Musalowe! Chimbalangondo!"

"Ati? Ndani akuitana?"

"Kuno! Kuwindo! Musalowe!"

Nkhope ya a Shigeko inasuzumira pangodya, chipewa chaubweya chili m'mutu. Ataona mutu wa Fusae uli pakawindo ka chimbudzi anamwetulira n'kuwerama.

"Aa, muli uko? Ohayo gozaimasu! Kwaziziratu, eti?"

Chitseko chinagundidwa mwamphamvu moti Fusae anatsala pang'ono kugwa. Thabwa lapakati linang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. A Toyoji, amene ankaoneka ngati akomoka, anagwira chogwirira cha chitseko ndi dzanja lawo labwino lija n'kuponda felemu ndi phazi, akukokera mkati ndi mphamvu zimene anatsala nazo.

"Chi-mba-la-ngo-ndo!" anakuwa Fusae mpaka kummero kunawawa. Analowetsa mutu, n'kutulutsa dzanja lake lamagazi, n'kulitambasula ngati zikhadabo. Anatulutsanso mutu. "Chili m'nyumba! Tsekani chitseko! Itanani anthu!"

Kumwetulira kunachoka. A Shigeko anayang'ana magazi amene anatsala pakhoma, n'kuzimiririka pangodya. Fusae anatseka maso, akudikira kukuwa. M'malo mwake anamva chitseko chakumaso chikutsetsereka mpaka kuti gwa, kenako belu la mayiyo likulira ngelengele kutsika chitunda, mofulumira kuposa mmene analimverapo. Kangolo anakasiya pabwalo.

Chilombo sichinachoke. Zikhadabo zinalowa pamng'alu paja, zakuda, zopindika, n'kuyamba kubenthula thabwa pang'onopang'ono. Fusae anatsika n'kugwira chogwirira pamwamba pa dzanja la alamu ake. Pabowo lomwe linkakulalo panaoneka mphuno yonyowa, ikutseguka ndi kutsekeka, pafupi kwambiri moti akanatha kuikhudza ndi bondo. Anayang'ana uku ndi uku. Pakona panali botolo la mankhwala otsukira chimbudzi. Analitsegula ndi mano, n'kulifinyira pamphunopo ndi dzanja limodzi mpaka linatha.

Kunja kunamveka kubangula kumene sanakuiwale moyo wake wonse. Chilombocho chinadzigunditsa kumakoma a kolido, chikuyetsemula, kenako mapazi olemera anakwera masitepe opita kuchipinda cham'mwamba. Denga linalira pamwamba pa mitu yawo. Chinali chitagona kapena kukhala pamwamba pawo penipeni, ndipo ankachimva chikupuma.

"Tithawe pano," ananong'oneza Fusae.

"Pita iwe."

"Imirirani, ndikugwirani."

"Miyendo sindikuimva. Pita."

Masitepe ankatsikira pafupi ndi khomo lakumaso, pomwe ankayenera kudzera. Yekha mwina akanafika. Atanyamula munthu, ayi. Fusae anakhala pansi, n'kutsamiritsa mutu wa alamu ake paphewa pake, dzanja lina lili pachogwirira. Ankangomvetsera denga, ndiponso mpweya wa munthu amene anali pambali pake, umene unkachepera chepera.

Dzuwa linali litafika pakawindo pamene anamva magalimoto. Sanaimbe masaireni. Kunamveka mapazi ambiri pamiyala, kenako nkhope ya mwamuna wovala chipewa chofiirira cha alenje inatulukira pawindo. Anali a Chiba, amene ankagulitsa mafuta a galimoto kumunsi kwa chigwa.

"Mayi Hatakeyama, muli awiri? Chili kuti?"

Fusae analoza kudenga. A Chiba anagwedeza mutu n'kutsika. Sanafune kulowa ndi mfuti m'nyumba yopanikiza chonchija anthu ali mkati, choncho anaganiza zoboola khoma. Amuna awiri anaima ndi mfuti ataloza mawindo am'mwamba, ena n'kuzula felemu ya kawindo ndi zitsulo, n'kudula matabwa a pansi pake ndi sowo yamanja kuti phokoso lichepe. Sowo ikalira, denga nalo linkalira. Fusae anakana kukhala woyamba kutuluka. Anakweza alamu ake m'khwapa, amuna aja n'kuwakoka ngati mtolo, ndipo iye anatuluka pambuyo, n'kuponda chisanu ndi sokosi. Atangofika panja anakhala pansi pomwepo. A Shigeko anabwera n'kumukumbatira, akulira ndi kumukalipira nthawi imodzi kuti munthu wamkulu amayenda bwanji wopanda belu.

A Toyoji anapita nawo kuchipatala cha m'tauni atakomoka. Madzulo mwana wawo anaimba foni kuti awasoka ndipo awaika magazi, apulumuka, koma dzanja lamanzere silidzagwiranso bwino. Ananenanso kuti akatuluka adzawatengera ku Sendai, kumudzi sabwereranso.

Chimbalangondo chinakhala m'nyumbamo tsiku lonselo. Alenje anatseka zitseko, n'kutchera msampha wa mgolo wachitsulo pakhomo lakukhitchini, ataikamo uchi. Chinalowa m'mawa mwake. Fusae anamva kulira kwa mfuti kamodzi ali m'khitchini mwake, ndipo kapu imene inali m'manja inagwa.

Anadzikakamiza kupita kukachiona asanachikweze pagalimoto. Chinali chitagonekedwa palona wabuluu pabwalo la alamu ake. Anadabwa ndi kuchepa kwake. Akanachiimika sichikanam'pitirira msinkhu, ndipo nthiti zinkawerengeka pansi pa ubweya. A Chiba anagwada n'kuchitembenuza, n'kupatula ubweya wa pamimba ndi chala. Kenako anaitana mnzawo kuti adzaone.

"N'chiyani?" anafunsa Fusae.

"N'chachikazi. Chimayamwitsa chaka chino." Anaimirira n'kuyang'ana nsungwi zimene zinayambira kuseri kwa nyumba ya Fusae mpaka kukalowa m'phiri. "Ana ake sali patali. Pano akula ngati agalu, ndipo ali ndi njala. Musamatsegule chitseko chakuseri musanamenye chitini, mayi."

Fusae anayang'ana nsungwizo. Zinkagwedezeka pang'ono, mwina ndi mphepo. Anawoloka ngalande, n'kulowa m'nyumba, n'kukhoma zitseko zonse ndi mawindo. Anaika zovala zochepa ndi mankhwala ake m'chikwama, n'kuvala jekete, n'kutsika msewu akuyenda pakati penipeni, osayandikira tchire la m'mbali.

A Shigeko anam'peza ataima pakhomo pawo ndi chikwama m'manja.

"Shigeko-san," anakuwa Fusae pafupi ndi khutu lawo labwino, "muli ndi futoni ina yapadera yoti ndigonepo?"

"Ziwiri," anatero a Shigeko. "Lowa msanga, utseke chitsekocho."